Moto wa m'kanyumba koyenda: Juni akafika ku Palabana

Nkhani ya lero ikuchokera ku Palabana, m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka. Ndi nkhani ya moto wowotha m'kanyumba kakang'ono kotsekeka, kaya kali ndi matayala kaya kalibe.

Munthu akapatuka mumsewu wa Great East n'kulowa msewu wa Palabana m'mwezi wa Juni kapena Julayi, nthawi zina amakumana ndi galimoto zachilendo. Ina ndi lole yaikulu ya MAN kapena Iveco yosenza kanyumba ka mawindo ang'onoang'ono, nambala yake ya ku Germany. Ina ndi Land Cruiser ya ku South Africa, tenti yopindidwa padenga, botolo la gasi litamangidwa kumbuyo. Ana amazithamangira mpaka fumbi litawakwirira. Eni ake ndi alendo oona malo amene amagona ndi kuphika m'galimoto momwemo kwa miyezi, ndipo ambiri amapumira pa Pioneer Camp, m'mbali mwa msewu womwewo, asanapitirire ku Chipata, ku South Luangwa kapena ku Malawi. Amabwera nyengo imeneyi chifukwa mvula yatha, misewu yauma, ndipo nyama zimaonekera bwino m'nkhalango. Chimene chimawadzidzimutsa ena mwa iwo ndi m'bandakucha woyamba, pamene adzuka mano akugogoda, n'kumadabwa kuti kodi iyi ndi Africa yomwe ija ya m'zithunzi.

Anthu a ku Palabana sadabwa. Dera la Lusaka lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kumwamba kumakhala kopanda mtambo. Masana dzuwa limafika madigiri 23 kapena 24, munthu n'kuvula juzi. Likangolowa, kutentha konse kumene nthaka inasunga kumathawira kumwamba popanda chokutsekereza, ndipo pofika tambala woyamba kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje; n'chifukwa chake masiku ena mlimi wa kudimba amapeza tomato wake atawauka ndi chisanu pamene wa kumtunda sanakhudzidwe. Okama ng'ombe, amene ndi ambiri kuno kumene kunakhazikitsidwa sukulu ya za mkaka ya Palabana Dairy Training Institute, amakudziwa kuzizira kumeneku ndi zala zawo.

Tsono alendo aja si okhawo ogona m'bokosi lachitsulo. Pali dalaivala wa lole amene wadikira katundu pafamu masiku atatu, kugona kwake kuli kumbuyo kwa chiwongolero. Pali amisiri omanga nyumba pamapuloti atsopano amene akuphukira paliponse kuchokera ku Silverest, ogona m'kontena limodzi ndi matumba a simenti. Pali okumba zitsime amene amakoka kalavani kumbuyo kwa makina awo, mlonda m'kachisakasa ka malata pageti, ndi mnyamata amene abwana amuuza kuti azigona m'khola la anapiye kuti moto usazime. Onsewa vuto lawo ndi limodzi ndi la mlendo wa ku Germany uja. Kusiyana kuli pa zipangizo.

Amene anapanga makina otenthetsera m'galimoto zogonamo, monga makampani a Webasto ndi Eberspächer a ku Germany, analimbana ndi funso limodzi: moto upume kuti? Yankho lawo ndi kabokosi kachitsulo kotsekeka ndithu, kosakula kuposa mikate iwiri, kamene kamamangidwa pansi pa mpando kapena pansi pa bedi. Kapampu kamadonthezera dizilo m'kati mwake. Mpweya woyatsira moto umalowa kuchokera kunja kudzera m'paipi yake, utsi umatulukiranso kunja kudzera m'paipi ina yoboola pansi pa galimoto. Mpweya wa m'chipinda umangopemereredwa kunja kwa chitsulo chotenthacho n'kubwerera uli wofunda, osakhudzana ndi lawi ngakhale pang'ono. Munthu amapuma wake, moto umapuma wake. Makina a makilowati 2 amamwa dizilo wosapitirira kota ya lita pa ola, ndipo akawachepetsa amamwa theka la pamenepo. Amene amawayatsa maola 5 usiku uliwonse amatha pafupifupi lita imodzi, kutanthauza malita 90 m'miyezi itatu ya mphepo. Masiku ano aliponso otsika mtengo ochokera ku China, ndipo madalaivala ena a malole aatali anayamba kuwaika m'makebu awo.

Mbaula ilibe paipi. Imapuma mpweya womwewo umene mwini wake akupuma, ndipo zimene yatulutsa imazisiya momwemo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Makala, amene kuno amati malasha, akamanyeka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Saoneka, sanunkha, sawawa m'maso ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Anthu ambiri amadikira kuti mbaula isiye kufuka panja, makala afiire bwinobwino, kenako amailowetsa ali ndi mtima wakuti choipa chatuluka. Utsi wooneka watha, inde, koma makala ofiirawo ndi amene amapitiriza kutulutsa poizoniyo mwakachetechete. Akalowa m'mapapu, magazi amamukumbatira mwamphamvu kuposa mmene amagwirira mpweya wabwino maulendo oposa 200, ndiye magazi amayenda m'thupi monse atanyamula katundu wolakwika. Munthu amayamba kumva litsipa, chizungulire, nseru, miyendo kulefuka. Amaganiza kuti ndi malungo, kapena kutopa kwa ntchito, kapena mowa wa dzulo. Amafunda bulangete kuti agone pang'ono. Amene ali m'tulo kale samva n'komwe chilichonse.

Kontena la mamita 6 lili ndi malo a mpweya okwana makyubiki mita 33 okha, ndipo zitseko zake zili ndi mphira wopangidwira kutchinga madzi a panyanja. Kebu ya lole ndi yaing'ono kwambiri kuposa pamenepo. M'nyumba ya udzu ya makolo, utsi unkapeza njira m'denga. Malata, simenti ndi magalasi otsekedwa anachotsa njira imeneyo, koma chizolowezi cholowetsa moto chinatsala. Chaka ndi chaka mphepo ikafika, apolisi ndi a zaumoyo m'Zambia muno amabwereza chenjezo lomweli, ndipo chaka ndi chaka zimamveka kuti banja kapena mlonda wapezeka m'mawa osadzuka, chitseko chokhomedwa m'kati, mbaula pambali ili phulusa lokhalokha. Pamaliro otere sipalephera kunong'onezana za ufiti, chifukwa pathupi palibe bala. Chizindikiro chimene chimasiyanitsa n'chakuti onse ogona m'chipinda chimodzi amadwala nthawi imodzi, ngakhale galu kapena mphaka, ndipo amene watuluka panja amayamba kupezako bwino.

Wopezeka atakomoka motero amafunika kumutulutsira panja msangamsanga, kutsegula zitseko zonse, ndi kuthamangira naye kuchipatala kumene kuli mpweya wa oxygen, kaya ku Chongwe District Hospital kaya ku Levy Mwanawasa, chimene chili m'mbali mwa Great East polowa m'tauni. Mkaka, ngakhale ndi wa ku Palabana, suchotsa poizoni ameneyu m'magazi, ndipo kumwetsa munthu wokomoka kungamutsamwitse. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, apite ndithu, chifukwa ubongo ndi mtima zimatha kuonetsa kuvulala patapita masiku.

Alendo a m'galimoto zogonamo, pamodzi ndi makina awo otsekeka aja, amakhomabe pakhoma kachipangizo ka mabatire kamene kamalira poizoniyu akachuluka. Amadziwa kuti paipi ya utsi imatha kung'ambika pamabampu, kapena mphepo kubwezera utsi pawindo. Kachipangizoko mtengo wake sufika pa tayala limodzi la lole, koma n'kovuta kukapeza m'kontena la amisiri kapena m'kanyumba ka mlonda. Mwini famu amene amagula loko wamkulu wa pageti n'kusiya womulondera ndi mbaula m'kachisakasa kopanda windo, wasunga katundu n'kutaya munthu.

Za gasi zili ndi mbali ziwiri. M'botolo muli mitundu iwiri yosakanizidwa, propane ndi butane. Ku Ulaya kusiyana kwake ndi nkhani yaikulu, chifukwa butane amaleka kusanduka mpweya kukazizira kufika pa 0, pamene propane amagwirabe ntchito mpaka madigiri 42 pansi pa 0. Mwini galimoto wa kumeneko, dzinja lawo la chipale likayandikira, amasintha mabotolo, amakhuthula madzi m'mapaipi kuti asaume n'kuwaphulitsa, amathira dizilo wa m'nyengo yozizira amene salimba ngati phula. Ku Palabana zambiri mwa izi sizifunika. Botolo limatha kufooka m'bandakucha likakhala kuti latsala pang'ono kutha, basi. Ena akaona lawi lachepa amaliyandikiza kumoto kapena kuligoneka cham'mbali. Zonse ziwirizi ndi kuputa ngozi. Botolo limaima chilili, pamthunzi, ndipo odzaza amasiya dala gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu kuti gasi akhale ndi pofutukukira kukatentha.

Gasi ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Akadontha sakwera kudenga. Amayala pansi, pomwe pali matiresi. N'chifukwa chake m'kalavani yopangidwa bwino kabati ya botolo imatsegukira kunja ndipo pansi pake pali chibowo, chimene ena amachitseka ndi chiguduli poganiza kuti chikulowetsa mphepo. Fungo loipa lija opanga amachita kuthiramo kuti mphuno ichenjeze. Kuyesa ngati pakudontha n'kosavuta: thovu la sopo pamalumikiziro onse, kuyambira pa regulator mpaka pa chitofu, ndipo pamene thovu likufufuma ndi pomwepo. Paipi ya mphira ili ndi chaka chake cholembedwa pambali, ndipo dzuwa la Okutobala limaiumitsa mpaka kuchita ming'alu. Ntchito imeneyi ndi ya mu Meyi.

Mbali yachiwiri ndi kuwerengera. Chotenthetsera cha gasi chonyamulika, cha mbale zitatu zofiira kutsogolo, chikayatsidwa zonse chimadya magalamu pafupifupi 300 pa ola. Botolo la makilogalamu 9 limatha m'maola 30. Pa mbale imodzi limafika maola 90, ndiye kuti mwezi wathunthu kwa munthu wowotha maola atatu madzulo aliwonse. Amene sanachite masamu amenewa amadzazindikira pa tchuthi cha Heroes ndi Unity, Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira, pamene mphepo ili pachimake ndipo kodzazitsa kuli kutali. Wanzeru amakhala ndi mabotolo awiri, lina la kuphika lina la kuwotha. Koma chotenthetsera chotere nachonso chilibe paipi yotulutsira kunja. Chimafuna windo lotsegula pang'ono, ndipo sichigonedwa chikuyaka. Chilinso ndi khalidwe lina limene ogona m'kontena amalidziwa: kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imatulutsa nthunzi yoposa lita imodzi ndi theka la madzi. Nthunziyo ikagunda denga lozizira imasanduka madontho, n'kugwera pabulangete pakati pa usiku. Munthu amadzuka akuti kontena likudontha, kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha.

Pamenepa pakuoneka kuti theka la kutentha limapezeka popanda kuyatsa chilichonse. Chitsulo chimataya kutentha msanga. Chikaphimbidwa m'kati ndi matabwa opyapyala, mphasa kapena mikeka, chipinda chimasintha. Magalasi a kebu ndiwo khomo lalikulu la mphepo, ndipo nsalu yochindikala kapena zotchingira dzuwa zonyezimira zija zimathandiza usiku monga masana. Kuzizira kwambiri kumachokera pansi, ndiye bulangete limodzi loyala limaposa awiri ofunda. Botolo la madzi otentha lokulungidwa m'chitenje kumapazi limafunditsa mpaka m'mawa, ndipo silipuma mpweya wa munthu. Poimika napo pali nzeru: kumtunda osati kudambo, msana ku mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imaomba nyengo ino, galasi lalikulu kuyang'ana kotulukira dzuwa. Udzu wouma ulambulidwe mozungulira, chifukwa paipi yotentha ya utsi ndi tsekera wa mu Ogasiti sizidyera mbale imodzi.

Wina angafunse kuti bwanji osangolumikiza hita ya magetsi. Anthu a ku Chongwe akhoza kuyankha ndi chaka cha 2024. Mvula italephera, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko. Madzi a m'damu la Kariba anatsika, ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuthimitsa magetsi maola 8 patsiku mu Malichi, kenako 12 pamene mphepo inkayamba, mpaka 17 ndi kupitirira pofika Sepitembala. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho anthu ambiri amene anali ataiwala mbaula anaitulutsanso. Sola nayo ili ndi malire ake. Imayatsa nyale, imatchaja foni, imazungulitsa kapampu ndi chopemerera cha makina a dizilo aja, koma hita ya mawati 2,000 imapha batire wamba ya galimoto isanathe theka la ola. Batire yokalamba imaonekeranso nyengo yomweyi: mafuta a mu injini alimba, mphamvu ya batire yatsika ndi kuzizira, ndipo lole imene inkalira kamodzi mu Epulo imafuna kukankhidwa mu Julayi. Apa ndi pamene madalaivala ena amasonkha moto pansi pa injini kuti ifunde, ena amagona injini ikulira usiku wonse magalasi ali otseka. Woyambayo akusewera ndi thanki, wachiwiriyo akudalira kuti ekizozi yake ilibe kabowo.

Dizilo amene amathira pa Chongwe kapena pa Silverest wayenda ulendo wautali. Paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatsegulidwa mu 1968, ndipo kuyambira 2023 imanyamula dizilo woyengeka kale m'malo mwa mafuta aawisi amene ankapita ku fakitale yoyengera mafuta ya Indeni. Mtengo wake bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuulengeza mwezi ndi mwezi mu 2022, ndiye wosunga wa miyezi itatu amadziwa chimene walipira. Mdani wa dizilo kuno ndi madzi. Thanki yokhala theka imapuma mpweya wofunda masana, usiku mpweyawo umachita mame m'kati, madontho n'kutsikira pansi pomwe paipi imayamwira. Thanki yodzaza ilibe malo a mame. Sefa yotchinga madzi ikhuthulidwe kawirikawiri, ndipo dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene sadziwika chimene wasakanizidwa nacho, amatseka kapampu kakang'ono ka makina otenthetsera msanga kuposa mmene amavutitsira injini.

Malasha nawo sakupezeka monga kale. Kwa zaka zambiri njinga zosenza matumba atatu kapena anayi zakhala zikutsika m'bandakucha kuchokera m'midzi ya Asoli ya mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II kulowera ku Lusaka, ndipo mitengo ya misuku ndi miombo yanka ithera kutali. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo chootchera ndi chonyamulira, ndipo mu Epulo 2024 boma linaimitsa zilolezo zootchera m'maboma a Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi. Thumba limakwera mtengo mphepo ikafika. Pali timibulu ta utuchi timene kampani ya SupaMoto imagulitsa pamodzi ndi mbaula zake za chopemerera; timaphika bwino ndipo utsi ndi wochepa, koma ndi moto ndithu, ndipo malo ake ophikira ndi podutsa mphepo.

Nkhani ya khola la anapiye ndiyo yovuta kuimasula, chifukwa pamenepo moto sungazimitsidwe. Mwanapiye wa tsiku limodzi amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, kenako kumachepetsedwa pang'onopang'ono sabata iliyonse. Magetsi akathima, mlimi wamng'ono amadalira mbaula, makatani a masaka atatsitsidwa mbali zonse. Anapiye akaunjikana pamodzi n'kumalira ndiye kuti akuzizidwa. Akabalalikira m'makona akupumira kukamwa ndiye kwatentha. Koma akangoti zii, kuwodzera onse pamodzi, alimi odziwa amathamangira kukweza katani. Mpata wa pamwamba, pansi pa denga, suyenera kutsekedwa ngakhale kuzizire bwanji. Ndipo mnyamata wosonkhezera uja bedi lake likhale kwina. Kudzuka kawiri kapena katatu usiku n'kukaona moto n'kowawa, koma anyamata amene amachita zimenezo amafika m'mawa.

Mphepo ya ku Palabana imayamba kuluma kumapeto kwa Meyi, ndipo imayamba kufooka anthu akamabwerera kuchokera ku chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda cha ku Showgrounds kumayambiriro kwa Ogasiti. Ndi masabata 10 kapena 11. Alendo a malole a nyumba aja amadutsamo usiku umodzi kapena iwiri, n'kupita ku chigwa cha Luangwa kumene n'kofunda. Otsala ndi amene adzagone usiku wonsewo m'kebu, m'kontena ndi pageti.

Inu amene muli ndi wantchito wogona pamalo otere, pitani mukaone nokha pamene amagona dzuwa lisanalowe mawa, muone ngati pali windo, ndipo mumugulire bulangete lachiwiri. Inu amene mukumvera pulogalamu ino mbaula ili pamapazi, otherani, koma musanakhome chitseko itulutseni panja.